Ana a Mkungudza wa Kuseri kwa Chambe

Ana inu, kokerani lichero lanulo pakhonde pano. Nandolo amasendedwa ndi zala, makutu alibe ntchito, ndiye mundibwereke. Iwe Yamikani, foni ya amako ika pansi, ilibe miyendo. Dzulo unandifunsa kuti n'chifukwa chiyani achemwali anu a Esinati anasiya kukwera phiri, ndiponso bwanji akamadutsa pano amangoti "mwaswera agogo" maso ali kumtengo wa mango. Unaganiza kuti tinakangana. Sitinakangane ayi. Esinati ndi mdzukulu wanga woyamba, mwana wa malemu amayi anu aakulu, ndipo pa adzukulu nonsenu ndi iye yekha amene ankandifunsa mayina a zinthu. Chimene chinalowa pakati pathu ndi ana a mtengo umodzi, mkungudza womaliza umene ine ndinkaudziwa m'phiri lonseli. Ndinkawadikira kuti akule. Kudikira kumeneko ndi kumene kunkandidzutsa m'mawa, zaka zimene maso ndi mawondo anali atandikana.

Inu mkungudza mumaudziwa ngati chitseko chakale cha kutchalitchi, chija chiswe chinalawa n'kulavula. Mtengo wake uli chiimire simunauonepo. Musandiuze za ija ya m'mipanda ya kuboma imene amaimeta ngati mutu wa mwana wasukulu. Ija ndi yobwera, inangobwereka dzina. Wathu wa m'phiri muno unkakwera osaponya nthambi mpaka khosi lako kuwawa, khungwa lake lochindikala, ndere zitalendewera m'mwamba ngati ndevu zanga zino. Masamba ake si masamba monga mukuwadziwira inu. Ndi timamba ting'onoting'ono togundizana, ukagwira umakhala ngati wagwira chingwe choluka. Ndiye fungo! Ukalowa m'khwawa lokhala ndi mikungudza, chimfine chinkathawa chokha. Akuti mtengo umenewu kwina konse kulibe, ndi wa phiri lino lokha. Ife tinkangouona ngati madzi a mumtsinje, chinthu chimene sichingathe.

Makolo anga anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza atasenza mphika ndi mbewu ya kalongonda. Bambo anga anakalamba akuthyola tiyi pa esiteti, dengu kumsana, ndipo ankafuna kuti nanenso ndilowe momwemo. Ndinayesa nyengo imodzi. Mizere ya tiyi ija inkanditopetsa maso, chilichonse chofanana, chilichonse chometedwa, kapitawo ali pambuyo pako ngati ntchentche. Nditamva kuti a zankhalango akufuna anthu olambula njira zotchinga moto pamwamba pa Chambe, mbali ina ya phiri lathu lomweli, sindinatsanzike bwino n'komwe.

Inu lero mukatumidwa pa Thuchila mumafuna kabaza. Ife tinkanyamuka dzuwa lisanatenthe, nsapato za matayala kumapazi, khasu ndi chikwanje paphewa, ndi chiguduli chimene chinali thumba panjira n'kusanduka bulangete ukafika. Kamba anali makaka a chinangwa, mchere m'kapepala, ndi kalongonda m'chitini. Kalongonda mukumudziwa inu? Uja amanu amakana kuphika kuti amatha nkhuni? Amaphikidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Ukachita ulesi amakuzunguza mutu mpaka kuyamba kupereka moni kwa mitengo. Koma ukamudya wakupsa bwino, umakwera phiri lonse mimba osadandaula. Pamwamba pathu pankadutsa waya wotsitsira matabwa, ukulira ngati mavu. M'miyezi yozizira madzi ankauma gwa m'ndowa, ndipo nkhungu ya chiperoni ikatsika, mnzako ali pamene pakhala Chifundopo sunkamuona, unkangomva kutsokomola kwake.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Makwinja. Akuluakulunu mukuwakumbukira, agogo afupi aja a chipewa chaubweya amene ankakhala pampando uwu n'kumakuopsezani kuti akudyani makutu. Pa unyamata wake anali wapakamwa zedi, koma kumunsi kokha. Tikangodutsa mitengo ya masuku n'kuyamba miyala, pakamwa pake pankatsekeka ngati wina wakhoma loko. Tonse tinali otero. Phiri lili ndi eni ake, ndipo akuluakulu amene tinawapeza pantchitoyo anatiuza tsiku loyamba lomwe kuti kumtunda sadabwa mokweza, salozaloza, ndiponso safunsa kuti ichi n'chiyani.

Nanga zomera tinkazidziwa bwanji? Pamwamba paja pali zinthu zimene kumunsi kuno kulibe. Kuli timaluwa touma ngati pepala timene sitifota ngakhale utatisunga chaka. Kuli zina zamasamba aubweya ngati khutu la mbuzi, zina zomera pathanthwe penipeni popanda ndi dothi lomwe, zina zotuluka moto ukangodutsa, zofiira pakati pa phulusa. Chimene sukuchidziwa tinkachitcha mlendo, ndipo mlendo sazulidwa. Unkaima n'kuona pamene wakhala: pamadzi kodi, pamwala, kapena mumthunzi? Unkaona ngati mbira zamudya kapena zamulambalala. Kenako unkathyola tsamba limodzi, limodzi lokha, kulitikita ndi zala, kununkhiza, n'kuliika m'thumba. Funso unkalisunga mpaka utatsika n'kusamba m'mapazi mumtsinje wa Likhubula. Pamenepo ndiye akuluakulu ankamasuka: ili ndi lakuti, ili amamwa wotsegula m'mimba, ili usapatse ngakhale mdani wako. Lina ankalitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Ameneyu sitinamve dzina lake," ndipo palibe ankachita nazo manyazi.

Makwinja yekha analibe chipiriro, ankafuna kudziwa zinthu ndi lilime. Tsiku lina anatafuna katsamba kotuluka mkaka, milomo n'kutupa mpaka kugunda mphuno. Chifukwa cha mwambo uja iye sakanatha kudandaula, ife sitikanatha kuseka. Tinatsika phiri lonse tikuluma malaya. Titafika pamtsinje anasukusula nkhope n'kunena kuti, "Amwene, ameneyu ndamudziwa tsopano," ndipo tonse tinafa ndi phwete.

Nthawi zina kunkabwera alendo okwera phiri, ife n'kuwanyamulira katundu. Ena ankagwada pakaduwa kamodzi mpaka miyendo yathu kuchita dzanzi, kukayang'ana ndi kagalasi, kukatchula dzina lalitali ngati pemphero. Zina iwo ankazidziwa ife osadziwa, zina ife tinkadziwa iwo osadziwa, ndipo zina tonse tinkangoyang'anana. Ndinkawakonda anthu amenewo chifukwa nawonso ankayenda moyang'ana pansi.

Agogo anu aakazi, Mulungu awasunge kumene aliko, ankadana nawo matumba anga. Akati achape buluku ankapeza masamba ovunda, njere, timizu. "Amuna anzanu amabwera ndi sopo m'thumba, inu mumabwera ndi manyowa," ankatero. Chikhalirecho iwonso anali a m'phiri. Ndinawaona koyamba atasenza mtolo wa udzu wa masache wautali kuposa iwo eni, akutsika pamiyala yoterera ngati akuyenda pabwalo. Ankadulanso cheyo, chija tinkakwechera mapoto kusanabwere timawaya ta m'sitolo, n'kukagulitsa pamsika wa Thuchila. Chikande, chija amakumba timbatata take n'kupanga ndiwo, ankachidziwa ndi duwa lake ali patali. Ankakumba chimodzi n'kusiya chinzake. Lero anthu amakumba ngati nguluwe.

Panali lamulo lina, ndipo ili mulimve bwino. Kamtengo kongomera kumene sikatchulidwa dzina. Mukudziwa kuti khanda silipatsidwa dzina lisanatuluke m'chikuta, ndipo mayi akaima sayenda akulengeza? Ndi chimodzimodzi. Ukakumana ndi mbande ya mtengo wolemekezeka, unkailimira udzu mozungulira kuti moto usafike, n'kuchoka osanena kanthu ngakhale kwa mkazi wako. Ikafika pabondo ndiye unkauza anzako kuti pakutipakuti pali mkungudza. Akuluakulu ankati ukaitchula msanga eni phiri amaitenganso. Ine ndine munthu wopemphera, nyimbo za pamaliro ndinkayambitsa ndine, koma lamulo limeneli ndinalisunga moyo wanga wonse. Ndinkaona likugwira ntchito, chifukwa chinthu chosatchulidwa sichiitana mapazi a anthu.

Kenako zinthu zinayamba kuipa, osati tsiku limodzi, pang'onopang'ono ngati denga lodontha. Ocheka matabwa anachuluka. Poyamba ankacheka mitengo yakufa yokha, kenako anaphunzira kuti ukauyatsira moto patsinde, chaka chamawa umakhala wakufa. Sindikutchula munthu. Ena tinkamwera nawo chikho chimodzi cha thobwa, ndipo njala ya ana awo ndinkaiona ndi maso angawa. Unkakumana nawo m'njira, thabwa pamutu, miyendo ikunjenjemera, n'kungopatsana moni. Osaka nawo ankayatsa moto wawo. Paini amene anabzalidwa pa Chambe anathawa m'minda mwake n'kumera paliponse, nkandankhuku n'kutseka makwawa ndi minga. Ife tinkalambulabe njira zotchinga moto, koma chimene tinkachitchingira chinkachepa chaka ndi chaka, mpaka tinapezeka tikulondera zitsa. Mitsinje inayamba kuuma m'chilimwe n'kubwera ndi miyala m'dzinja. Za napolo sindikuuzani, munamuona nokha, ndipo mukudziwa amene sitili nawonso.

Koma panatsala umodzi. Kuseri kwa Chambe, kutali ndi nyumba ija amagonamo alendo okwera phiri, kuli kakhwawa kotsika ndi matako. Mmenemo munali mkungudza wopindika, wamphako, umene ocheka ankaunyoza kuti sungatulutse thabwa lowongoka. Kupunduka kwake ndi kumene kunausunga. Ine ndi Makwinja tinkauyendera monga mmene munthu amayendera wachibale wodwala. Ngakhale titapuma ntchito tinkakwerabe, nkhalamba ziwiri, kupuma pamwala uliwonse, kukaulimira udzu. Agogo anu aakazi anali atatisiya kale nthawi imeneyo, ndipo ndinene zoona, pakhomo pano panali posakhalika.

Ulendo wanga womaliza kuphiri ndinakapeza chitsa. Yowongoka itatha, ocheka anabwerera wopindika womwe. Utuchi unali usanade, fungo lili khwawa lonse. Ndinakhala pansi n'kulira, ana inu, kulira kotulutsa mamina, kumene sindinalire ngakhale pamaliro a bambo anga. Makwinja sanalire. Ankakwawa m'nthambi zotayidwa zija akutola tizipatso take touma, timene timang'ambika panayi n'kutulutsa njere. Tinapalasa dothi mozungulira chitsacho, kuwaza njerezo, n'kulima udzu kufika patali kuti moto udzalephere kudumpha. Tinatsika osalankhulana, ndipo ulendo umenewo ngakhale pamtsinje palibe anatsegula pakamwa.

Chaka chomwecho mawondo anga anatupa, ng'ala n'kuyamba kuphimba maso. Phiri likuoneka apolo ine ndimaliona ngati mtambo wakuda basi. Makwinja anakwera yekha mvula itatha. Pobwera anafikira pampando uwu, anamwa madzi, anapukuta pakamwa, osafulumira, monga munthu wobwera ndi nkhani ya chinkhoswe.

"Amwene, kukhwawa kuja kwafika alendo."

Ndinati, "Alendo ake otani?"

"Aang'onoang'ono. Ambiri. Azungulira pamene panali mwini malo."

"Afika pati?"

Anawerama n'kundigwira pakakolo.

"Ndiye titseke pakamwa," ndinatero.

"Watsegula ndani?"

Tinaseka ngati anyamata. Koma nyengo yozizira yomweyo Makwinja anagwidwa ndi chibayo n'kutisiya. Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ine ndinatsala ndekha ndi nkhani imene sindikanatha kuitchula. Ndinkangoyeza ndi mvula. Ikagwa ndinkati kumtunda akumwa. Ndikamva fungo la utsi m'chilimwe ndinkaitana aliyense wodutsa kuti andiuze mbali imene moto uli. Anthu ankati nkhalamba yayamba kubwebweta. Ine mumtima ndinkati mvula ino afika apa, ikubwerayo afika pabondo, ndiye ndidzauza munthu.

Munthu amene ndinkafuna kudzamuuza ndi Esinati. Mwamuna wake atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, iye anayamba kukwera phiri kukadula udzu wa masache ndi nkhuni kuti ana adye. Tsiku lina anamasula nsonga ya chitenje n'kundiika tsamba m'manja. "Agogo, ili ndi la chiyani? Ndalipeza pathanthwe, pamene pamadontha madzi." Sindikudziwa anamva kwa ndani kuti amathyola limodzi lokha, mwina kwa agogo ake aakazi ali wamng'ono. Kuyambira pamenepo sankatsika chimanjamanja. Ine ndinkagwira, kununkhiza, kufunsa pamene walipeza ndi zimene lili nazo pafupi. Ena ndinkawadziwa, ndipo ndikamuuza kamodzi sankafunsanso. Ambiri ndinkangoti, "Ameneyu ankamudziwa ndi Makwinja," ndipo ndinkamva chisoni, chifukwa dzina lija linali m'manda. Nthawi zina ankajambula ndi foni kuti imuuze. Foniyo inkatchula maluwa a kumayiko kwina, ife n'kuseka mpaka ine kutsokomola.

Anandifunsanso za mkungudza. Ndinamuuza zonse zimene ndakuuzani inuzi: kutalika, khungwa, ndere, masamba onga chingwe choluka. Ndiye anati, "Nanga ulipo wotsala, agogo?" Ndinati, "Phiri ndi lalikulu, mwanawe." Lilime linkandiyabwa, koma ana a mtengo aja anali asanafike pabondo. Ndimamva kuti mbali zina za phiri anthu akufesa mkungudza m'timachubu n'kukabzala pamwamba. Ndi bwino, Mulungu awathandize, ngakhale ndikumvanso kuti moto ukudya yambiri. Kwathu kuno zimenezo sizinafike, ndipo Esinati ndi anzake mbande ya mkungudza anali asanaionepo chibadwire.

Chaka chatha kunabwera ganyu wozula tipaini timene tikumera mwachisawawa pa Chambe. Esinati analembedwa. Ine ndinakondwa, chifukwa paini akalowa pamalo, pansi pake sipameranso kanthu. Ndinamufunsa kuti akuzula mbali iti. Anati padambo, pafupi ndi nyumba ya alendo ija. Mtima unakhala pansi, pakuti khwawa lija lili kutali ndipo munthu wosalidziwa sangalipeze. Owatumawo anawauza mwachidule: kalikonse ka masamba onga singano zulani, muyanike pamwala mizu ili m'mwamba kuti kasagwirenso.

Tsiku lomaliza la ganyuyo ndinali pompano, dzuwa litapendeka. Ndinamva mtolo wa nkhuni ukugwa pabwalo, kenako Esinati anaiponya nkhata yake pafupi ndi mapazi anga monga ankachitira masiku onse, n'kupita kumtsuko kukamwa madzi. Mphuno yanga inamva chinthu chimene inali isanamvenso kuchokera tsiku la chitsa lija. Ndinafufuza ndi phazi, ndinatola nkhata ija n'kuyamba kuimasula. Inali ya udzu, koma mkati anapiringizamo timitengo tofewa, totalika ngati kuchokera kuchala kufika pachigongono.

"Esinati, izi wazitenga kuti?"

"Tipaini timeneto, agogo. Udzu unandichepera ndiye ndinawonjezera. N'tofewa bwino pamutu."

"Ndati wazitenga kuti?"

Anayankha mosangalala, ngati mwana amene wakhoza mayeso. "Padambo tinamaliza msanga. Anzanga anakhala pansi kudya mbatata, ine ndinati ndikasuzumire kuseri, mwina kwatsala tina. Ndinayenda ndithu. Kuli kakhwawa kovuta kutsika, mkati muli chitsa chachikulu, ndiye timeneti tinamera mozungulira ngati anapiye. Ndinaona kuti tikakula titseka khwawa lonse."

Ndinapapasa masamba. Paini akafika msinkhu umenewo, masingano ake amakhala ataliatali, omangana patsinde ngati tsache. Awa anali aafupi, ophwatalala, lililonse palokha, osabaya. Kusiyana kwake n'kochepa, ana inu, woti sanauzidwe sangakuone. Ndinathyola kamodzi n'kuika pamphuno, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Khala pansi, mwanawe. Uwu ndi mkungudza."

Inali nthawi yanga yoyamba kuwatchula dzina ana a mtengo aja.

"Ayi, agogo," anatero. "Munanena nokha kuti masamba ake ndi ngati chingwe choluka. Ndakhala ndikufunafuna chingwe chimenecho phiri lonse, tsiku lililonse ndikakwera."

"Amenewo ndi masamba a make. Mwana amayamba ndi awa, amadzasintha atakula."

"Simunandiuze."

"Anali asanafike pabondo."

Mawu a Esinati anatuluka otsika, ngati si ake. "Bondo la ndani, agogo? A Makwinja anapita. Inu simuona. Akanakayeza ndani?"

Mwambo uja unaikidwa nthawi imene odziwa anali ambiri m'phiri, pamene aliyense wodutsa ankazindikira chimene wachiponda ngakhale palibe wamuuza. Sitinaganize kuti odziwa adzatha, kukhala chete n'kutsala kokha. Ndipo musaganize kuti Esinati anaswa lamulo. Zoti mlendo sazulidwa ankazidziwa bwino kuposa nonsenu. Akanakhala kuti sanatidziwe timitengoto, akanathyola tsamba limodzi n'kubwera nalo kuno. Koma iye sanaone mlendo, anaona paini.

Tija ta m'nkhata tinatibzala madzulo omwewo m'zitini, kuseri kwa bafa kumene kuli mthunzi. Esinati ankatithirira m'mawa ndi madzulo, kutitchingira ndi masamba a nthochi. Sizinathandize. Mizu inali itaduka, ndipo kutentha kwa kuno si kwa mtengo wa m'mitambo. Tinafiira kamodzikamodzi mpaka zitini kutsala ndi dothi lokha.

Koma ndadumpha. M'mawa mwa tsiku lotsatira lija, ndisanatuluke m'nyumba, Esinati anali atanyamuka kale, wopanda chikwanje, wopanda kamba, atasenza chigubu cha madzi. Ankati mwina tina tinabisala m'udzu, mwina tija anayanika pamwala tingadzukenso akatithirira. Ine tsiku lonse ndinakhala apa osadya, ndikupemphera pemphero limene kholo silipempherera mwana: kuti mdzukulu wanga apezeke waulesi, kuti apezeke anagwira ntchito ya chiphamaso ngati mmene amachitira anthu ena onse paganyu.

Anabwera dzuwa likulowa. Mtolo sunagwe, chifukwa analibe. Ndinangomva chigubu chikugunda pansi, cholemera monga chinapitira.

"Esinati?"

"Agogo."

"Nanga?"

Anapuma mpweya wautali. "Ntchito ndinaigwira bwino, agogo. Sindinasiye ndi kamodzi komwe."

Njere zina kulibe, pakuti make anapita kalekale kukakhala chitseko cha munthu. Khwawa lija tsopano ndi khwawa chabe. Esinati anakapempha ntchito ku esiteti, masamba sabweretsanso, ndipo ine sindimuumiriza. Ndamuuza kuti si mlandu wake, iye wandiuza kuti si wanga, koma tonse awiri tikakhala pamodzi timasowa poyang'ana. Mukamuona atasenza katundu muzimulandira, musamufunse za phiri.

Kamodzi ndinakasunga. Kali m'thumba la malaya angawa. Ndinati ndikuonetseni kuti mukadzakumana nako penapake musadzasowe wofunsa. Chifundo, bwera, tambasula dzanja. Pang'onopang'ono, kakuyoyoka. Masamba ambiri anagwa kale, sangakuuzeni kanthu, koma mphuno siiwala. Nunkhiza. Patsira mnzako. Iwe Yamikani, wamva chiyani? Ukuti fodya? Ukuti thukuta langa? Usaseke, nunkhiza bwino, pothyokapo. Palibe? Bweretsa kuno, mphuno zanu zinafa ndi sopo wa m'sitolo.

Dikirani kaye.

Ayi, mwanena zoona. Fungo latha. Ndiye ndikuuzani bwanji tsopano, ana inu?